Make Pusi ndi amphaka odulidwa khutu

Tsiku limene eni nyumba anamuopseza kuti amuthamangitsa, mayiyu anali atagwada pangalande, akumasula saka momwe wina anamangiramo tiana ta mphaka. Tiwiri tinali titafa kale.

"Mayi, ndatopa nanu," anatero eni nyumbawo ataima kumbuyo kwake. "Amphaka anuwa achuluka, anthu sakugona, pakhonde pakununkha. Mvula ikadzatha, ndikadzaonanso kamwana ka mphaka pano, mudzafune kwina kokhala."

Kwina kuti? Mwamuna wake anali atamwalira, mayeso omaliza a unamwino anali atamukanika, ndipo kachipinda kalendi kameneko ndi komwe ankagona ndi mwana wake wamkazi. Mlandu wake unali umodzi: sankatha kuona chamoyo chili ndi njala iye n'kupitirira. Anayamba ndi mphaka mmodzi wowonda, koma amphaka mukuwadziwa, sachedwa kuitana abale. Anthu apamdadadawo anamupatsa dzina loti Make Pusi, ndipo silinali laulemu ayi.

Analira, tisaname. Koma kutacha anapita kuchipatala cha ziweto n'kufotokoza zonse.

Dokotala wake anali mayi wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. "Kutaya ana sikuthetsa kanthu, make abereka ena," anatero. "Aakazi timawatseka, aamuna timawafula. Inu muziwagwira n'kubwera nawo. Mukamanditsukira makola, ine ndiziwachita opaleshoni."

Kugwira mphaka wosaweta si masewera. Make Pusi ankatchera ndi dengu, chingwe ndi mitu ya nsomba, ndipo mikono yake inadzaza zipsera. Anthu ankangoseka.

"Make Pusi, mwatsegula sikelo ya amphaka?" ankafunsa motero atelala a chipinda choyandikana naye. Ataona mphaka wamwamuna m'dengu anapinda miyendo. "Koma wamwamunayo mukanamukhululukira, walakwanji mnzathuyu?"

Panali mphaka wamkazi wakuda, wochenjera koopsa, amene ankaswa kuposa onse. Make Pusi anamusaka masiku ambiri, mpaka anamugwira n'kuthamanga naye kuchipatala akumwetulira. Dokotala atameta ubweya wapamimba, anapeza chipsera.

"Uyu tinamutseka kale. Mwagwira mnzake."

Akuda analipo angapo, onse ofanana. Make Pusi anangokhala pansi. Mvula inali itayamba kuchepa, ndipo mwini kuswayo anali akadali padenga.

"Adokotala, ine ndine wolephera basi. Chilichonse chimandikanika."

"Wolephera sabwera ndi mikono yokalidwa chonchi," anayankha dokotala. "Kulakwa n'kwanganso, sindinawaike chizindikiro. Kuyambira lero, aliyense amene tamuchita opaleshoni tizimudula kansonga ka khutu lamanzere asanadzuke. Sangamve ululu."

Kansonga kameneko kanasintha zinthu. Tsopano munthu ankatha kudziwa ali patali kuti uyu watha, uyu ayi. Omwe ankaseka aja anayamba kuitenga ngati ntchito yawo. Amayi akuchapa ankayang'ana makutu a amphaka pampanda, ndipo tsiku lina atelala omwewo anabwera chothamanga, tepi ili m'khosi.

"Make Pusi, wakuda wa makutu athunthu ali kuseri kwa bafa. Bweretsani dengu, ine ndatseka njira."

Anamugwira. Kuchipatala nako dokotala anaona mmene mayiyu ankatsukira mabala mosamala, ndipo anamulemba ntchito yomuthandiza.

Mvula itatha, eni nyumba anabweradi. Anasuzumira pansi pa thanki, kuseri kwa zimbudzi, ngakhale m'matayala akale. Make Pusi anaima pakhomo atagwira dzanja la mwana wake. Bambowo sanapeze kamwana ngakhale kamodzi. Anangoona amphaka akuluakulu akuwothera dzuwa, aliyense khutu lalifupi.

Anakanda m'mutu, natsokomola pang'ono.

"Mayi, zosamuka zija tiziiwale. Kumdadada wanga wina amphaka avutanso. Mungapiteko liti?"

Make Pusi anaseka misozi ili mbwembwembwe.

Mwina inunso lero mwathamangira chinthu ndi mphamvu zanu zonse, n'kupeza kuti mwagwira cholakwika. Zimawawa, ndikudziwa. Lirani ngati mukufuna, koma mukatha funsani pamene panalakwika, mukonze, mawa mukatcherenso. Mtima wokhawo musautaye.