Mayi Emmie ndi Dzina la Sigele

Mayi Emmie Mkwanda ndinawadziwa pa 14 Juni 2009, Lamulungu loyamba nditafika ku Durban kudzakhala ndi mwana wanga Frazer. Anali mayi wamfupi wa ku Malindi, wolankhula motsitsa. Mkati mwa sabata ankachapa ndi kusita kwa amwenye ena ku Musgrave, koma ife Amalawi tinkawadziwira ntchito ina. Kuno agogo ndi osowa. Mtsikana akachira n'kutuluka kuchipatala, Mayi Emmie ndiwo ankapita kukamuthowa ndi madzi otentha, kumusambitsira mwana, n'kumadikira kuti mchombo ugwe. Ndipo wosambitsa ndiye ankatcha dzina. Palibe ankatsutsa, chifukwa kukana dzina la munthu amene wakusambitsira mwana n'chipongwe.

Ana aamuna ankawapatsa mayina osiyanasiyana. Aakazi onse ankawatcha Sigele.

Dzinali n'lachiyao, ndipo limanena za munthu wotsala. Kwathu limaperekedwa kwa mwana amene watsala abale ake atapita, kapena wobadwa bambo ake atamwalira kale. Si dzina lopatsa mwana woyamba wa makolo amoyo. Koma atsikana a kuno sankadziwa zimenezo. Ankangoti likumveka bwino, ndiponso Azulu amalitchula mosavuta. Pofika 2013, kutchalitchi kwathu ku Greyville kunali ana asanu a dzinali.

Tsiku lina masana, titatuluka m'mapemphero, ndinaitana mmodzi kuti ndimupatse sikono. Anapotoza mutu n'kundilozetsa khutu lamanja. Ndinaitana wina, nayenso chimodzimodzi. Onse asanu. Amayi awo anati kuchipatala anawapima, makutu alibe vuto.

Ndinawafunsa Mayi Emmie tili pa renki podikira minibasi, ndipo anayankha monong'ona kuti anthu asamve chilankhulo chathu.

"Sigele wanga sankamva khutu lamanzere," anatero. "Ndinamusiya kwa achemwali anga ali wamng'ono. Anamwalira pa 21 Meyi 2008, sabata ija ife obwera tinkabisala m'nyumba kuopa kuphedwa ndi eni dziko. Manda ake sindinawaone. Ngakhale kumeta, sindinamete."

"Ndiye mukupatsa ana a eni dzina la munthu amene simunamulire?"

"Nanga akhale kuti, amayi? Amabwera yekha. Ine ndimangomulozera khomo."

Mpongozi wanga Winnie anachira pa 9 Malichi 2015, mwana wamkazi. Ndinali nditamufotokozera zonse, ndipo iye anati, "Amayi, mwana wanga ndi wanga. Sindinavutike miyezi yonseyi kuti ndiberekere munthu wina." Mwanayo ndinamusambitsa ndekha, ndipo mchombo utagwa ndinamutcha Tamandani. Mayi Emmie sitinawaitane.

Kulira kunayamba tsiku lomwelo. Bere akaligwira, ankangolisiya. Kukiliniki anati thupi silikutentha, m'mimba muli bwino, tibwerere naye kunyumba. Anaonda tikumuona, liwombo n'kulowa.

"Eish, amayi, ife timapemphera, zimenezi si zathu," ankatero Frazer. Koma kuntchito anasiya kupita.

Loweruka pa 21 Malichi, dzuwa litakwera, munthu anagogoda. Anali Mayi Emmie. Palibe mwa ife anali atawatumira uthenga, ndipo kwathu ku Queensburgh anali asanafikeko. Anaima pakhomo ndi kachikwama kawo kakuntchito, osalowa.

"Odi. Ndamva akundiitana."

"Muno mulibe mwana wanu," anatero Winnie, atamupanikiza mwana pachifuwa.

"Chabwino, mwanawe. Ukakana ndibwerera, taxi sizinathe. Koma umuone milomo."

Milomo inali itauma, ndipo kulira kuja kunali kutatsala kamawu kosasa. Winnie anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Anayang'ana mwamuna wake, iye anatulukira kukhitchini. Kenaka anawerama, n'kunena ndi pakamwa pake:

"Sigele, yamwa."

Mwana anasiya kulira. Anatsegula maso n'kuyang'ana kukhomo, osati kwa amake, ndipo anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene khanda limachitira. Atatero anagwira bere, nayamwa mpaka kugona. Mayi Emmie anagwedeza mutu n'kubwerera osamwa ngakhale madzi.

Mu Epulo chipwirikiti chothamangitsa anthu obwera chinayambanso, ndipo Mayi Emmie anakwera imodzi mwa mabasi amene ankabweza Amalawi kumudzi. Sitinamvenso za iwo. Atsikana a ku Greyville tsopano amasambitsirana ana okhaokha.

Mdzukulu wanga wanenepa, wayamba kukwawa. Winnie amamuyamwitsa, amamubereka, amamuchapira matewera, ndipo palibe anganene kuti samusamala. Koma chiyambire Loweruka lija sindinamumve akumutchula dzina, la ine kapena la Mayi Emmie. Mwana akalira kuchipinda, iye amapukuta manja n'kundiuza mwaulemu kuti, "Amayi, alendo adzuka."