Mng'alu wa pa Ndevu za Mlonda

Tsiku limene tinaika maliro a Lau Sen, anthu anamupisa Herminia Huamaní m'chikwama pakhomo pa shopu ya malemuyo, ena akuona.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri mayiyu ankasesa ndi kusakaniza utoto kwa mkuluyo, amene ankadinda zithunzi za alonda awiri zimene timamata pa zitseko Chaka Chatsopano cha Atchaina chikafika kuno ku Capón, mu Lima. Matabwa osema odindira zithunzizo, amene agogo ake a Lau anabwera nawo pa sitima, anali atasowa. M'chikwamamo anapezamo mpango ndi korona basi. Komabe ntchito inathera pomwepo, ndipo anthu anasiya kumupatsa moni.

Inenso ndinkakumbatira chikwama changa akamadutsa. Mulungu andikhululukire.

Herminia anayamba kutsuka mbale pamalo ena odyera. Wophika wa pamenepo, mayi Otilia Chion, atamuona akusema kamtengo pa nthawi yopuma, anayamba kumusiyira matabwa akale odulirapo nyama pafupi ndi sinki. Herminia ankawapala n'kumasemapo, akuonera chithunzi chimodzi chakale chimene malemu anadinda. Alonda ake oyamba ankatuluka ndi nkhope za achule. Zala zinadzaza zipsera. Zinamutengera zaka zinayi.

Chaka chachisanu anayala zithunzi zake pa msewu. A Siu, mkulu wa bungwe lathu la Atchaina, anatola chimodzi n'kuchiyandikitsa kumaso.

"Mayi, mzere woyera wodutsa pa ndevuwu ndikuudziwa. Thabwa la malemu linali long'aluka pamenepa. Mwatopa nako kubisa?"

"Ndasema ndekha, bambo."

"Ndiye kuti inenso ndinamanga ndekha tchalitchi chachikulu cha mu Lima muno. Mawa mubwere nalo ku bungwe. Likakhala lomwe lija, tiitana apolisi."

M'mawa mwake holo inadzaza. Herminia anaika thabwa patebulo. A Siu analitembenuza, napeza kumbuyo kwake kuli zikhwapakhwapa za mpeni wa kukhitchini.

"Mlonda wanuyu akununkha adyo," anatero wina kumbuyo, anthu n'kuseka chapansipansi.

"Ndadulirapo abakha zaka zisanu ndi ziwiri pamenepo," anatero mayi Otilia. "Linunkhize bwino, Siu. Abakhawo theka unadya ndiwe."

A Siu sanaseke. Anayendetsa chikhadabo mu mzere uja pang'onopang'ono. Sunali mng'alu. Unali kangalande kosalala, kosemedwa ndi mpeni mosamala kuchokera kutsaya mpaka pachifuwa.

"Mwasema mng'alu? Dala?"

"Sindinkadziwa kuti ndi mng'alu, bambo. Zithunzi zonse za a Lau zinali nawo. Ndinkayesa ndi imvi za mlondayo, ndipo ndinaopa kumuchepetsera zaka."

Tonse tinali titauona mzere umenewo pa zitseko zathu kuyambira ubwana, koma amene anaulemekeza anali munthu yemwe tinamutcha wakuba.

A Siu si munthu wopepesa ndi pakamwa. Anaitanitsa phala lomatira, natenga zithunzi ziwiri, nazimata okha pa chitseko cha bungwe, alondawo akuyang'anizana monga mwa mwambo. Kenaka anamukokera mayiyo mpando.

Matabwa akale aja sanapezeke mpaka lero, ndipo alipo ena amene amanong'onabe. Koma tsopano Herminia ali ndi chipinda chake chodindira. Loweruka amaphunzitsa aliyense wofuna: adzukulu a Atchaina, anthu a kumapiri, ngakhale obwera kuchokera ku Venezuela. Ine ndinapita kukamupepesa. Anangondipatsa tiyi.

Inu amene anthu amakuyang'anani ndi diso lokayikira pa mlandu umene simunapalamule, mwina pakamwa panu sipadzawakhutiritsa. Pempherani, ndipo manja anu asaleke kugwira ntchito. Tsiku lidzafika loti ntchitoyo idzaikidwe patebulo, n'kukuyankhulirani. Musataye mtima tsikulo lisanakwane.