Mayi Malo ndi Logi Yotupa

Kuntchito ankamutcha Mayi Malo, chifukwa moni wake wam'mawa unali funso: "Pa disiki patsala malo?" Ankayang'anira makompyuta awiri akuluakulu a kampani yonyamula katundu. Chilichonse cholembedwa pa kompyuta yoyamba chinkalowa kaye mu logi, mndandanda wa zonse zasintha, kenako n'kutumizidwa ku yachiwiri, yomwe inali m'nyumba ina kutsidya kwa tauni. Logiyo inkasungidwa pa disiki, nkhokwe ya kompyutayo, ndipo sinkafufutika mpaka yachiwiri italandira. Ikachedwa kulandira, logi inkangotupa, ndipo disiki ikadzaza ntchito yonse inkaima.

N'chifukwa chake mayiyu sankakhazikika. Ankadya chiimire, foni ili pambali pa mbale. Mwamuna wake ankati anakwatira munthu ndi alamu yomwe.

Loweruka lina masana anaperekeza amayi ake kuchipatala cha maso. Ali pamzere, uthenga unalowa: okonza msewu adula chingwe chopita ku kompyuta yachiwiri ija, logi ikukwera. Anaimirira, n'kukhala, n'kuimiriranso.

"Iwe, pabenchipa pali minga?" anafunsa amayi ake.

Asanayankhe, abwana ake anaimba. "Ingoisiyani yachiwiriyo, mufufute logi."

"Tikatero tidzakopera zonse kuyambira pachiyambi, bwana. Yoyamba itati ife masiku amenewo, tilibe pothawira. Ndipatseni mpata kaye."

Anatsegula laputopu pamiyendo, n'kusamutsira mafayilo akale pa disiki ina, n'kuimitsa malipoti olemera a kumapeto kwa mwezi. Malo anapezeka, koma logi inkawadya iye akuona. Nesi ataitana amayi ake, iye sanamve n'komwe. Analowa okha, akupapasa khoma.

Potuluka, diso limodzi litamangidwa bandeji, anamupeza akuzungulira m'khonde, akukangana pafoni ndi okonza chingwe. Anakhala pansi n'kumudikira. Chingwecho chinalumikizidwa dzuwa litapendeka, ndipo logi inayamba kuphwa pang'onopang'ono.

"Adokotala ati chiyani, amayi?"

"Anafunsa ngati ndabwera ndekha. Ndawauza kuti ndabwera ndi mwana wanga, koma ali pantchito."

Sanakalipe, anangonena. Mayi Malo anasowa poyang'ana. Anawagwira mkono mpaka pokwerera basi, ndipo za mankhwala odontheza m'maso anakafunsa kwa nesi mawa lake.

Lolemba analowa mu ofesi ya abwana osagogoda. Anapempha disiki yokulirapo ndiponso munthu wina wosinthana naye kumapeto kwa sabata. Disiki anamupatsa. Za munthuyo, abwana anati aona.