Fodya wa m'kansalu kofiira

Ndili ndi kansalu kofiira kamene kakhala m'banja mwathu zaka pafupifupi makumi atatu. Kukula kwake ngati chikhatho cha mwana, ndipo kali mu envelopu ya khaki pamodzi ndi pepala lothothola m'kope la masamu. Fodya amene anali m'katimo anasanduka fumbi kalekale, koma ukakayandikiza kumphuno kamanunkhirabe pang'ono. Ana anga amati ndimasunga zinyalala. Anene zimenezo. Ine sinditaya pepala, chifukwa munthu amakana zimene ananena koma pepala silikana. Ndipo pepala ili limatsutsa ine mwini.

Inali nyengo yozizira, chaka chotsatira chija sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Tinkakhala ku Nsungwi m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri: amayi, ine, mlongo wanga wakhanda, ndi amalume amene ankasankha fodya ku Kanengo. Msika wa fodya unali utatsegulidwa. Malole a mabelo ankangodutsa mumsewu, ndipo amalume akamaweruka, fungo ndilo linkayamba kulowa m'nyumba, iwo pambuyo. Amayi ankawauza kuti ovolosi azivulira panja. Kwa amayi, amene Lachinayi lililonse ankavala yunifolomu yoyera ya kumpingo, fodya anali tchimo limene linkatidyetsa, ndiye ankalilola lifike pakhonde basi.

Ife a Sitandade 7 tinkaphunzirira pansi pa mtengo, bolodi litatsamira thunthu, mphepo ikutiwaza fumbi m'makope. Ahedi anatiuza kuti kukubwera mzungu wa ku Canada wodzathandiza Chingerezi. Amene anabwera sanali mzungu. Anali mayi wamfupi, wa khungu lofiirira, tsitsi lakuda bii lolukidwa chingwe chimodzi mpaka m'chiuno. Anatiuza kuti anthu akwawo amadzitcha Anishinaabe, ena amati Ojibwe, ndipo anali m'dzikolo azungu asanafike. Anajambula nyanja zikuluzikulu pabolodi, nati chiyankhulo chawo ndi chachibale ndi cha mitundu ina yambiri, monga a Cree, ndipo banja lonselo ophunzira amalitcha Algonquian.

Ife tinali ana a m'mavidiyo a pamsika. Tinazindikira msanga kuti awa ndi anthu aja amagwa pa akavalo akawomberedwa. Aphunzitsi akatembenukira kubolodi, anyamata a kumbuyo ankadziomba pakamwa ndi chikhatho n'kumakuwa ngati a m'filimu. Inenso ndinakuwa nawo. Ndikulemba kuti zidziwike. Palibe wamkulu ngakhale mmodzi amene anatidzudzula, ndipo mpaka lero zimandinyansa.

Aphunzitsiwo sanakwiye. Lachisanu masana ankatifotokozera za kwawo. Mpunga umene umamera wokha m'madzi, anthu awiri m'bwato, wina akupalasa, wina akuweramitsa mapesi ndi ndodo imodzi n'kumagogoda ndi inzake kuti njere zigwere m'bwatomo. Mabwato akale opangidwa ndi makungwa. Mitengo imene amaiboola chisanu chikamatha kuti atunge madzi otsekemera. Tinkaseka, chifukwa mpunga wopanda mwini munda sitinaumvepo. Koma kukuwa kuja kunayamba kuchepa.

Panali kathabwa ka chingwe kamene ankamuveka pakhosi mwana woyankhula Chichewa m'kalasi. Tsiku lina kanagwera ine. Aphunzitsi anakavula pakhosi panga, nakaika m'chikwama mwawo, ndipo sikanaonekenso. Anangonena kuti amayi awo anatengedwa ali aang'ono kupita kusukulu yogonera komweko, kumene ankamenyedwa akayankhula chakwawo, moti iwo anakula akudziwa mawu owerengeka okha. Ife sitinamve chachilendo. Kumenyedwa kusukulu tinkakudziwa.

Tsiku lina ndikupukuta bolodi anandimva ndikung'ung'udza nyimbo imene amayi ankatonthozera khanda. Anafunsa tanthauzo lake. Ndinati si Chichewa, ndi Chingoni cha kwathu ku Ntcheu, ndipo ine sindichimva. Anapempha kudzaona amayi.

Anabwera Lachiwiri masana. Amayi anawayalira mkeka pakhonde, ine ndikumasulira. Atatha malonje, aphunzitsi anatulutsa kansalu kofiira komanga ndi ulusi, nakagwira m'dzanja lamanzere, nati akupempha kuti amayi adzawaphunzitse nyimbo ija. Ndinamasulira bwino lomwe, mawu onse. Amayi anagwada, nalandira ndi manja awiri, nathokoza. Kwathu mlendo akakupatsa kanthu sukana, ngakhale kakhale kotani. Aphunzitsi anamwetulira nati adzabwera Loweruka.

Asanafike n'komwe pamsewu, amayi anali ataponya kansaluko pansi ngati khala la moto.

"Chithumwa ichi! Mwana wanga anamuvula kathabwa, lero akufuna mawu a pakamwa panga. Akawatenga akapita nawo kuti?"

Anakakankhira ndi kamtengo m'chitini cha mkaka, nachitseka, nachiika kuseri kwa bafa. Amalume anali kumudzi kumaliro masiku amenewo, ndiye panalibe wofunsa. Loweruka aphunzitsi anabwera ndi kope. Amayi anatseka chitseko ndi makatani, nandigwira pakamwa. Aphunzitsiwo ndinkawaona pa kampata ka chitseko. Anaodira katatu m'Chichewa chawo chopunduka, nakhala pakhonde pamphepo mpaka mthunzi wa mpanda unawafika pamapazi. Kenaka anapita.

Lamulungu nkhani inazungulira tchalitchi chonse. Azimayi anzawo anati alembe kalata ku komiti ya sukulu, ndipo popeza amayi kulemba kunkawavuta, cholembera ndinagwira ndine. Pepala la m'envelopu lija ndi loyamba, limene ndinalakwitsa n'kukoperanso. Likuti aphunzitsi achilendo akuyenda m'makomo ndi mankhwala. Mawu akuti "akufuna kulodza ana" amayi sananene. Ndinawonjezera ndekha kuti kalata imveke yamphamvu, ndipo ndinadula mzere kunsi kwake ndi rula.

Komiti inakhala pansi, koma sinaitane aphunzitsiwo. Sinafunsenso kuti ione kansaluko. Ine lero ndine mkulu wa mpingo ndipo ndakhalapo m'makomiti ambiri. Ndimakana kusaina chilichonse munthu asanamvedwe, anzanga n'kumati ndine wovuta. Anthu akuluakulu, ena a mataye, anaweruza mlendo ndi kalata ya mwana wa zaka khumi ndi ziwiri. Ahedi analembera bungwe limene linatumiza aphunzitsiwo kuti makolo sakuwafuna.

Amalume atabwerako anamva nkhaniyo akuvula nsapato. Anapita kuseri kwa bafa, nabwera ndi chitini, namasula ulusi ife titaima patali. Anafikisa pakati pa zala, nanunkhiza.

"Achemwali, uyu ndi fodya. Fodya basi. Ndipo akanabwera naye kuntchito kwathu ndikanamubweza, sanaume bwino."

Mawa lake anavala jekete, nanditenga kuti ndikamasulire. Tinawapeza aphunzitsi akulongedza mabuku m'makatoni. Amalume anafunsa mwaulemu kuti fodya uja anali wa chiyani. Anayankha kuti kwawo fodya si wongosuta. Munthu akafuna kupempha nzeru, nyimbo kapena pemphero kwa wamkulu, sapita chimanjamanja. Amapereka fodya n'kunena pempho lake. Wamkuluyo ali ndi ufulu wokana, amangosiya osalandira, ndipo palibe chakukhosi. Koma akalandira ndiye kuti wavomera. N'chifukwa chake anadikira pakhonde paja: amayi anali atalandira.

Amalume anapita kwa ahedi ndi fodyayo m'chikhatho. Ahedi akuti anaseka mpaka kupukuta misozi, kenaka anati kalata inapita kale ndipo yankho labwera: aphunzitsi achoka teremu ikatha. Kulembanso ina, iwo anati, kungachititse sukulu manyazi. Manyazi! Ndawalemba mawu amenewa monga amalume anawabweretsera.

Amayi anamva zonse. Anachapa matewera, nayanika, nasesa bwalo limene anali atasesa kale. Kenaka anandiitana.

"Pita ukawaitane. Ndinalandira ndi manja angawa. Ndiyimba."

Anabwera Loweruka lomaliza, dzuwa lofooka la mu Julaye likuwomba pakhonde. Amayi anakhala pamkeka khanda lili pamiyendo. Sanapepese ndi pakamwa. Sanali munthu wotero. Anangoyamba kuyimba, chapansipansi poyamba, maso ali pa mwana. Atabwereza kachiwiri amalume analowa ndi mawu aakulu, akugunda chidendene pasimenti. Anthu a nyumba zoyandikana anasuzumira pampanda, ena mwa iwo omwe aja anati kalata ilembedwe. Aphunzitsi anatsegula kope, nalitsekanso osalemba kanthu. Anayesa kutsatira, amayi n'kumawakonza mzere umodziumodzi monga ankachitira ndi ine.

Amayi atatha, aphunzitsi anafunsa kudzera mwa ine kuti mawuwo akutanthauza chiyani. Amayi anayang'ana amalume, amalume anayang'ana pansi.

"Auze kuti sitidziwa," anatero amayi. "Amene ankadziwa anapita. Ife tinangotsala ndi kayimbidwe."

Ndinamasulira. Aphunzitsi anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera. Kenaka anayimba yawo, yaifupi, ya mawu ochokera kukhosi, nati ndi yokhayo imene amayi awo sanaiwale, ndipo pakati pake pali mawu amene iwonso sawadziwa. Misozi inkatsika koma sanaipukute. Amayi anawapatsa khanda kuti alinyamule.

Aphunzitsi anachoka Lolemba. Kope langa la Chingerezi, limene ndili nalobe, anandibwezera atachonga mpaka tsamba lomaliza. Ankadziwa zolemba zanga kuposa munthu aliyense pasukulupo, ndipo kalata ija ahedi anawaonetsa. Sananene kanthu. Kansalu kofiira amayi anakasunga m'Baibulo mwawo mpaka tsiku limene anatisiya, ndipo ndi mmene kanafikira mu envelopu yanga.

Tsiku lija pakhonde ndinkaganiza kuti aphunzitsi akulira chifukwa cha mzere uja ndinadula ndi rula. Ndinali mwana, ndinkayesa kuti misozi yonse ya pamalopo ndi ya mlandu wanga. Chingoni ndinkachiona ngati mpando wothyoka wa makolo, ndipo Chichewa ndinkati n'chochuluka ngati fumbi la ku Nsungwi, sichingathe. Sindikanatha kumvetsa chifukwa chimene munthu angawolokere nyanja, n'kukhala pakhonde lozizira masana onse, kudikira nyimbo imene eni ake sakuimva. Mdzukulu wanga woyamba anabadwa chaka chatha. Ndikamuyimbira nyimbo ija, amayi ake amandifunsa tanthauzo, ndipo amafunsa m'Chingerezi.