Mfuti ziwiri ndi dzanja loletsedwa

Ndinagula mfuti ziwiri tsiku limodzi chifukwa cha mvula. Ndinali nditaweruka kunyumba yosamalira okalamba ku Bolton, kuno kudziko la azungu, basi itandisiya, ndiye ndinakausa m'sitolo yogulitsa mbedza ndi majombo. Pansi pa galasi panali timfuti tam'manja. Zenizeni n'zoletsedwa kuno. Izi ndi za mpweya, zimalavula kachipolopolo kakang'ono ngati njere ya therere. Ndinangoti ndigwireko imodzi. Inali yozizira, yolemera kuposa mmene imaonekera. Mwini sitolo anatulutsanso ina yakuda, yaifupi, ndipo ine, munthu wozungulira msika katatu ndisanagule tomato, ndinaonetsa chitupa changa n'kutuluka nazo zonse.

M'basi ndinakumbatira chikwama pachifuwa, maganizo ali pa agogo. Anandilera okha ku Ntcheu makolo anga atamwalira ndili wakhanda. Lamlungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndimawaimbira n'kuwauza zonse za sabatayo, ndipo sindinawabisirepo kanthu. Nanga izi ndikaziyamba bwanji?

Loweruka ndinapita nazo kukalabu yowomberako imene mwini sitolo uja anandilozera, chipinda chachitali m'fakitale yakale. Wophunzitsa anali mkulu wina wachizungu wa imvi, wosachuluka mawu ngati ine ndemwe. Ndinayamba ndi yolemera ija. Ndinkayembekeza kuphulika kogonthetsa m'khutu, koma inangoti phwa, ngati munthu watsegula botolo la chakumwa. Yakuda inali yaphokoso pang'ono, ndipo inkadumpha m'manja ngati mwanapiye wofuna kuthawa. Ndinaikonda pompo. Koma zipolopolo zonse zinkangoboola pepala m'mphepete.

Mkuluyo anandiyang'anitsitsa, kenako anati, “Mukuloza ndi diso lamanzere. Mfutinso mumayamba kuitola ndi dzanja lamanzere, kenako n'kusintha msanga. Anakuletsani ndani?”

Ndili wamng'ono, agogo ankakulunga dzanja langa lamanzere m'kansalu nthawi ya chakudya, mpaka ndinazolowera kudya, kulemba ndi kulandira zinthu ndi lamanja. Sankandimenya. Tikatha kudya ankamasula kansaluko n'kulisisita dzanjalo.

Ndinasintha dzanja. Chala chinapeza chokha pokokera, mkono unangoti zii osanjenjemera. Mabowo asanu anaunjikana pakati pa pepala. Mtima unasangalala, koma ndinachitanso manyazi ngati ndalandira mphatso ndi manzere pamaso pa alendo. Lisanafike Lamlungu ndinali nditaganiza kangapo zongonena za mvula ndi za ntchito basi.

Nditawaimbira ndinalephera kuzungulira.

“Agogo, ndagula mfuti.”

“Iii! Kwayamba nkhondo kumeneko?”

“Ayi, n'zamasewera, zoboolera mapepala.”

“Ulendo wonsewo wa pandege kukaboola mapepala? Chiswe chikanakuboolera konkuno ulele. Ndiye ukulasa, kapena ukungoopseza makoma a eni ake?”

“Ndikulasa ndithu. Koma agogo, ndikuwomba ndi dzanja lamanzere.”

Ndinkangomva wailesi ya aneba ndi mbuzi ikulira kuseri. Ndinadikira, poti kudikira ndiye ndimakutha.

“Mayi ako analinso choncho,” anatero. “Legeni ankakoka ndi manzere, anyamata onse ankamuopa. Iye sindinamumange, ndipo anthu anamunena mpaka tsiku la ukwati wake. Koma iye anali ndi pakamwa, ankadziyankhira. Iwe unali phee, ndiye ndinaopa kuti adzati mwana wamasiye alibe womulangiza.”

Za mayi anga agogo sankazitchula wamba. Sindinkadziwa n'komwe kuti anagwirapo legeni. Ndinakhala pansi pamasitepe a tchalitchi, anthu akundilambalala ndi maambulera awo, ine ndikuyang'ana chikhato changa.

“Ulipo?” anafunsa.

“Ndilipo, agogo.”

“Pepala lakolo ulijambule, utumize pafoni ya aneba ndione mabowowo. Uziwomba ndi dzanja limene Mulungu anakupatsa, ine ndakalamba, zomanga anthu ndinasiya. Koma ukadzabwera, sopo wanga udzandipatse ndi manja awiri. Usadzandichititse manyazi, wamva?”