Liwu lachisanu pa kodi ya so

Ndagwira ntchito nthawi yaitali ku Makata, pa makina odula malata. Amene anafikako akudziwa phokoso lake. Ukaweruka umakwera minibasi makutu akungoti nziii, ngati wasunga udzudzu m'mutu. Mdala wina amene tinkadula naye malata anagontha tikuona, moti lero ukamupatsa moni amangoseka n'kuyankha zina. Ine mantha anga anali pamenepo, chifukwa ndine woliza kiyibodi mu kwaya ya tchalitchi chathu ku Zingwangwa, ndipo nyimbo sindinapitire kusukulu. Zonse ndimatola ndi khutu.

Vuto linayambira pa nyimbo ina ya ukwati imene tinkaphunzira. Oimbafe mawu angapo ogundidwa pamodzi timawatcha kodi. Ndiye pali kodi ya so, imene imabwera nyimbo ikatsala pang'ono kutha. Zala zinayi: so, ti, re, fa. Ndi kodi yosakhazikika, imakoka nyimbo kuti ikapume pa do. Koma tsopano kwaya ikafika pamenepo ndinkamva liwu lachisanu, lopyapyala, pamwamba penipeni. Kuyang'ana zala, zinayi basi. Kugunda ndekha anthu atabalalika, zii.

Ndinati basi, zayambika. Mdala uja anandiuzapo kuti iye zinamuyamba choncho, phokoso likakula khutu limayamba kuimba zake. Ndinavutika mumtima, sindinama. Ntchito ya malata angandichotse, ndikagulitsa makala. Koma kiyibodi?

Tsiku lina la pulakatisi ndinalawirira n'kupeza aphunzitsi a kwaya akukonza mabenchi.

"Aphunzitsi, pezani wina woliza. Ine makutu atha."

"Atha bwanji, bambo?"

Ndinawafotokozera zonse. Iwo anati ndiimbe liwu limene ndimamvalo. Ndinaliimba. Aphunzitsi aja kuseka! Ine magazi anawira.

"Ine ndikunena za matenda, inu mukuseka? Mwatani kani?"

"Pepani, khalani pansi kaye. Anthu abwere."

Kwaya itadzaza aphunzitsi anaimitsa amayi a sopulano okhaokha, nati aimbe mzere womalizawo popanda kiyibodi. Anaimba. Atafika pamalo paja, ndinalimva liwu lija mbee, likuchokera ku benchi yakumbuyo. Anali mayi wina amene anali atangosamuka kumene kuchokera ku Bangwe, wamanyazi, woimba atayang'ana pansi. Anzake onse akutsika, iye ankakwera yekha.

Ataona kuti tonse tatembenuka, anagwira pakamwa. "Pepani, kumene ndachokerako pomaliza timakwera choncho. Ndisiya."

"Musasiye, mayi," anatero aphunzitsi. "Ndinakumvani kalekale, ndinangokusiyani chifukwa zikukoma."

Kenako anabwera pa kiyibodi n'kundionetsa. Kodi ya so imamangidwa podumpha liwu limodzi limodzi: so, ti, re, fa. Ambirife timaimira pomwepo, koma palibe anatiletsa kupitiriza. Ukadumphanso umafika pa la, ndipo limenelo ndi limene mayi uja ankaimba. Amalitcha naini, poti ukawerenga kuyambira pa so ndi lachisanu ndi chinayi. Ukapitirira pali do wapamwamba, leveni, kenako mi, satini. Kodi ikadali ya so yomweyo, ntchito yake ndi yomweyo, kungoti yasenza katundu wambiri, ndiye ikafika pa do imatula mokoma. Anati zala zikachepa, re ukhoza kumusiya, sadandaula. Koma ti ndi fa usawataye, ndi amene amakoka.

Ine zonsezo ndinkangozimvera patali. Ndinafunsa chimodzi chokha.

"Ndiye kuti liwuli lilipodi? Si m'mutu mwanga?"

"Bambo, munthu wogontha angatole liwu la mayi mmodzi pakati pa kwaya yonseyi, pamwamba pa sipika yanu yaphokosoyo?"

Ndinaika dzanja lamanzere pa so, lamanja pa ti, re, fa, n'kutambasula kachala kakang'ono mpaka pa la. Ndinagunda. Linali lomwe lija, ndendende, koma tsopano lili pansi pa chala changa. Mayo ine, mtima unakhala pansi. Misozi inalengeza, bambo wamkulu ndi ndevu zanga, pamaso pa kwaya yonse. Ndinagundanso, n'kugundanso, osafuna kuchokapo.

"Abambo, nyimboyo ithe," anakuwa mayi wina wa alito. "Enafe tasiya ana okha kunyumba."

Ndinapukuta m'maso n'kutsikira pa do.