Dzinja limene bambo anachapa matewera

Fungo la nsalu yosauma bwino limandibwezera ku Biwi, m'kanyumba kathu kazipinda ziwiri, chaka chimene mlongo wanga Yamikani anabadwa. Mvula ya dzinja limenelo inalibe ulemu. Matewera tinkawayanika pabalaza, pachingwe chochokera pazenera kukafika pamsomali wa chitseko, ndipo pansi pake pankakhala mbaula. Ukalowa mosayang'ana, thewera lozizira linkakupatsa moni kumaso.

Amayi anachokera kuchipatala ndi mwana, koma mphamvu anazisiya komweko. Miyendo inkawakana, ndipo ngakhale kukhala tsonga ankachita kuwadzutsa. Azakhali anabwera kudzatithandiza, koma udzu utakula kumunda anabwerera kumudzi. Choncho bambo, kalipentala wa ku Mchesi wa manja okhakhala, anatenga beseni.

Ankachapa m'mawa asanapite kuntchito, pabwalo, aliyense akuona. Ankapikicha thewera ngati akupala thabwa, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Likauma ankalisita ndi ayironi yamakala kuopa mphutsi. Azimayi a pampopi ankagwirana m'mapewa akamadutsa, ndipo anzanga anandipatsa dzina loti mwana wa achapathewera. Ndinali mtsikana wa sitandade 4, ndipo manyazi ankandidya koopsa.

Chimene chinkandilimbitsa mtima n'chakuti bambo anali atasankhidwa kukaphunzira zaubusa. Anali atayembekezera mwayi umenewo kuyambira ndisanabadwe, ndipo jekete lawo lakuda linali kale m'sutikesi. Ine ndinkapemphera kuti apite msanga. Ndinkadziona ndili mwana wa abusa, azimayi a pampopi aja akundigwadira.

Loweruka lina abusa athu anabwera atapinda thalauza, nsapato zili matope okhaokha. Anawapeza bambo pabeseni. Bambo anawapatsa mkono chifukwa manja anali thovu, ndipo ine ndinaima pakhomo kumvetsera.

"Abambo a Tadala, kusukulu kuja akutsegulira," anatero abusa, powatchula ndi dzina langa. "Mukapanda kupita ulendo uno, malo anu apatsa wina. Mpingo ukhoza kumadzazonda mayiwa."

Bambo anafinya thewera pang'onopang'ono mpaka dontho lomaliza. "Abusa, mtima ukufuna, sindikunamizani. Koma amene anandiitana ukoyo ndi yemwenso anandipatsa anthu awa. Ndikamuuza chiyani ndikawasiya chonchi?"

Abusa anayang'ana matewera aja. Kenako anavula jekete n'kundipatsa kuti ndigwire, anapinda malaya, natenga thewera lina m'beseni. Kuchapa sankakudziwa bwino, anadzithira madzi mpaka m'mawondo, ndipo bambo anaseka kwa nthawi yoyamba dzinja lonselo. Ine sindinaseke. Ndinalowa m'nyumba n'kukalira kuseri kwa chitseko, jekete la abusa lili m'manja.

Amayi anayamba kuyenda chimanga chitayamba kudyedwa, poyamba atagwira khoma, kenako okha mpaka kumpopi. Malo aja anapatsadi wina, ndipo mwayi sunabwerenso. Jekete lakuda linatuluka m'sutikesi n'kumavalidwa Lamulungu mpaka linathera m'zigongono. Bambo anakalambira pamatabwa, ndipo sindinawamvepo akudandaula, ngakhale ndikudziwa kuti zinawapweteka.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti Mulungu anawaitana bambo koma matewera anawatsekera njira. Chaka chatha bambo anadwala matenda ofa ziwalo. Nditapita kukawaona ku Biwi mvula ikuwaza, ndinapeza Yamikani, amene tsopano ndi bambo wandevu zake, atawerama pabeseni pabwalo, akuchapa zofunda zawo. Ankapikicha ngati akupala thabwa, akung'ung'udza nyimbo yomwe ija, imene palibe anamuphunzitsa. Bambo anali pampando pakhonde atafunda bulangete, akumuyang'ana. Ndinaika chikwama pansi n'kupinda manja a bulauzi.